Kabokosi kosungira mabatire: miyezi isanu chikagulireni, zabwino zake ndi pomwe kakuperewera

Ndiyambe ndi chomwe chinandipangitsa kuti ndigule kabokosi kameneka, chifukwa pakanapanda zimenezo bwenzi mpaka pano ndikuonabe ngati ndi zinthu zongotayitsa ndalama. Ndili ndi mita yoyezera magetsi ija timagwiritsa ntchito pokonza tizinthu ta m'nyumba, imayendera batire ya 9V, ija yamakona anayi yokhala ndi timitu tiwiri pamwamba. Tsiku lina mita inayamba kuonetsa kuti batire yafooka nde ndinagula yatsopano, ndinaitulutsa mu paketi yake kuti ndiike pompo koma foni inalira, basi ndinangoiponya m'thumba la thalauza momwe munali kale makiyi ndi tindalama tachitsulo tingapo, n'kukhala pansi kumayankhula pa foni.

Patapita kanthawi ndinayamba kumva kufunda pa ntchafu, poyamba sindinalabadire, ndimangoti mwina ndi mmene ndakhalira. Kenako kunangobaya ngati wina wandikhomeka khala la moto. Ndinadzambatuka, kupisa dzanja m'thumba kuti nditulutse zinthuzo, kiyi nayo inandiwaula zala. Batire ija nditaiponya pansi inali yosagwirika, ndipo thumba la mkati lija linali litachita ka bulawuni pomwe inatsamira. Pa ntchafu panatuluka thuza lalikulu ngati chala chamanthu ndipo chipsera chilipo mpaka lero.

Akazi anga anabwera akuthamanga, "Bambo, chachitika n'chani?" Nditawaonetsa anathamangira kukatenga mankhwala otsukira mano kuti andipake, ndipo ndikudziwa kuti ambiri timatero chifukwa amazizira pakhungu, koma ndinakana. Pamoto pamafunika madzi ozizira oyenda, a pa mpopi, kwa mphindi 20, osati ayisi, osati mafuta, osati mankhwala a mano, ndipo thuza osaliboola. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali kwambiri ukaima pa mpopi, umafuna kusiya pa mphindi zitatu chifukwa ululu umakhala watsika, koma kutentha kumakhala kukulowabe mkati mwa khungu nde pirirani. Chilonda chikakhala chachikulu, chakuya, choyera kapena chakuda, kapena chili kumaso, m'manja, kumaliseche kaya pa mwana, osadikira, pitani ku chipatala.

Chomwe chinandivuta mumtima usiku umenewo si ululu ayi, ndi choti thalauza lomwe lija ndimakonda kulikoleka pa mpando ku chipinda ndikafika, pafupi ndi katani, ndipo mwana wathu wa zaka zitatu amagona momwemo. Zikanakhala kuti ndalivula msanga palibe akanamva kutentha kuja.

Anthu ambiri omwe ndawafotokozera amadabwa, amati ka batire kakang'ono ngati kameneko kangawotche munthu bwanji, sinanga ukakagwira sikashoka. N'zoona sikashoka, 9V ndi yochepa moti singadutse pa khungu louma kuti umve kanthu, ukaiika pa lilime m'pomwe umamva kunyerenyetsa. Koma chomwe chimawotcha si kushoka, ndi shoti. Batire ikakhala mu tochi kaya mu remoti, magetsi amatuluka mbali imodzi n'kudutsa mu babu kapena mu ka makina komwe kamawachepetsa liwiro, amayenda pang'onopang'ono. Koma chitsulo chikagunda mbali ya pulasi ndi ya mainasi nthawi imodzi palibenso chowaletsa, magetsi amathamanga ndi mphamvu yonse yomwe batire ingathe kutulutsa, ndipo mphamvu yomwe imayenera kutha m'masabata kaya miyezi imatha mu mphindi zochepa, yonseyo kusanduka kutentha, mu batire momwemo ndi mu chitsulo chija. Ndipo khungu silifuna moto wambiri kuti lipse, chinthu cha madigiri 44 okha chikakhalitsa pakhungu chimayamba kuliwononga, chikafika cha m'ma 60 ndi nkhani ya masekondi.

Ya 9V ndi yomwe imachita shoti mosavuta kuposa onse chifukwa timitu take tonse tiwiri tili mbali imodzi, moyandikana, moti kandalama kamodzi kokha kakwana kutigunda tonse. Mkati mwake muli timabatire 6 ta 1.5V tolumikizana. Amene anaonapo ikagundana ndi waya wofewa wotsukira mapoto uja akudziwa, wayayo amayaka pompo ngati udzu wouma, nde tangoganizani dilowa ya ku khitchini momwe timaponyamo zonse, mabatire, mapini, lumo, mapepala a siliva okutira zakudya, mapepala, machesi.

Nde kabokosiko. Sinditchula dzina la kampani chifukwa timabokosi timeneti amapanga ndi makampani ambirimbiri ndipo tonse timangofanana, kusiyana mtundu ndi kukula basi. Kanga ndi ka pulasitiki yolimba, kali ndi chivundikiro choonekera mkati, ndi kukula ngati buku lalikulu. Mkati muli thireyi yokhala ndi mabowo, batire iliyonse bowo lakelake, a AA ndi AAA ndi omwe ali ndi mabowo ochuluka, kenako a 9V angapo, a C ndi D aakuluakulu aja ochepa, ndipo pakona pali ka malo kamodzi kopanda mabowo komwe anati nka mabatire ang'onoang'ono ozungulira ngati mabatani. Anaikamonso ka tesita koyezera ngati batire ikadali ndi moto, kamachotseka.

Ntchito yake yeniyeni, yoti mabatire asagundane okhaokha komanso asagundane ndi zitsulo, kamaigwira bwino ndithu, apa ndilibe nako mawu. A AA ndi AAA amaimirira, mutu m'mwamba, ndipo mabowo ndi othina bwino moti ndinakayesa kukatembenuza chadodolido chivundikiro chili chotseka, ndikukagwedeza, palibe inachoka pamalo pake. Mulibe chitsulo chilichonse mkati, ngakhale mahinji ndi a pulasitiki, zomwe ndi zofunika kwambiri chifukwa ena amasunga mabatire mu chitini cha bisiketi kaya mu ka bokosi ka zipangizo kachitsulo, komwe ndi kuika batire mu chinthu chomwe chonsecho chimadutsa magetsi.

Pa a AA pali chinthu chimodzi chomwe ndinachidziwa mochedwa ndipo ndikufuna ndichifotokoze bwino. Timaganiza kuti AA singachite shoti mosavuta chifukwa pulasi ili uko mainasi ili uku, chitsulo chiyenera kukhala chachitali kuti chifike mbali zonse. Koma thupi lonse la batire ija ndi chitsulo, ndipo chitsulocho ndi mbali imodzi ya magetsi, changokutidwa ndi ka pepala ka pulasitiki kolembedwa dzina kaja. Pa a alkaline, wamba osatchaja aja, thupi lonse ndi pulasi, mainasi ndi ka mbale ka pansi kokha, kolekanitsidwa ndi ka mphira kopyapyala. Pa otchaja a NiMH zimatembenuka, thupi ndi mainasi ndipo pulasi ndi ka mutu kokha. Tanthauzo lake ndi loti ka pepala kaja kakang'ambika m'mphepete, pulasi ndi mainasi zimakhala zayandikana kuposa mmene zilili pa 9V, ka pini kokha kakwana. Ndipo mapepalawa amang'ambika chifukwa cha kukhulana mu dilowa momwemo, kapena pozula batire mu remoti ndi mpeni kaya sikulu dilaiva. Nditayamba kusamutsira mabatire mu kabokosi ndinapeza atatu ong'ambika chonchi, awiri anali otchaja. Otchajawo ndi omwe ali oopsa kwambiri ngakhale amalembedwa 1.2V yokha, chifukwa amatha kutulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi kuposa a alkaline, akachita shoti amatentha msanga zedi. Ubwino wa kabokosi ndi woti poika imodziimodzi mu bowo lake umakakamizika kuiyang'ana batire iliyonse, zomwe mu dilowa sizichitika.

Mabowo a 9V nawo ali bwino koma pano ndili ndi ka dandaulo. Batire imaimirira timitu tili m'mwamba, poyera. Chivundikiro chikatsekedwa palibe vuto, koma ukatsegula kuti utenge AA, timitu tija timakhala pa mtetete, ndipo munthu ukamasintha mabatire nthawi zambiri umakhala ndi sikulu dilaiva m'manja kapena ka sikulu ka chivundikiro cha chidole, umangofuna pokaika. Ine ndinadzipeza ndagoneka sikulu dilaiva pamwamba pa thireyi kamodzi, mwamwayi sinakhudze. Kuyambira pomwepo ya 9V iliyonse ndimaimata tepi yakuda ya magetsi pa timitu ngakhale ili mu kabokosi, kapena ndimaisiya mu paketi yake mpaka tsiku loigwiritsa ntchito. Ena amabwera ndi ka chipewa ka pulasitiki pamutu, musamakataye, kamagwira ntchito kuposa tepi. Ndinayesa kuwaika chozondoka kuti timitu tikhale pansi koma bowo silinapangidwe choncho, batire imapendekeka chivundikiro osatsekeka bwino.

Ka tesita kaja ndimakakonda ngakhale ndi kophweka. Kali ndi ka mkono kotsetsereka komwe umapanira batire, ndi singano yomwe imaloza pofiira, pachikasu kapena pobiriwira, ya 9V ili ndi pogunditsa pake pambali. Sikafuna batire yakeyake, kamatenga moto ku batire yomwe ukuyezayo. Chomwe kandithandiza kwambiri ndi kuthetsa chizolowezi chosunga mabatire okayikitsa, aja umati kaya yatha kaya ikadalipo n'kuiponyanso mu dilowa, ndi amenewo omwe amadzadza dilowa. Pano ndikayeza n'kupeza pofiira imachoka tsiku lomwelo. Kuipa kwake nkoti anakapangira mabatire a 1.5V, nde ukayeza otchaja a 1.2V singano imaima m'munsi ngati afooka pomwe ali bwinobwino, osawataya chifukwa cha zimenezo. A mabatani a 3V nawo sikawayeza molondola. Ndipo chonde amene muli ndi mita ngati yanga, musamayeze batire mita ili pa ma amp n'kugunditsa mawaya mbali zonse ziwiri kuti muone mphamvu yake, imeneyo ndi shoti yomwe mukupanga dala, ikani pa V.

Tsopano pomwe kabokosi kameneka kandikhumudwitsa zenizeni ndi pa ka malo ka mabatire a mabatani. Chinthu chomwe cholinga chake chonse ndi kulekanitsa mabatire, afika pa amenewa n'kungosiya ka dzenje kamodzi koti uwathiremo onse pamodzi ngati mikanda. Tengani CR2032, ija ya mu makiyi a galimoto, masikelo, ma remoti ang'onoang'ono ndi pa bolodi ya kompyuta, ndi ya 3V, mulifupi mwake 20mm, kuchindikala 3.2mm, dzinalo likuchokera pamenepo. Yonseyo ndi chitsulo chosakutidwa, pamwamba ndi m'mphepete ndi pulasi, pansi ndi mainasi, malire ake ndi ka mzere kakang'ono. Mukawaunjika pamodzi ina imagona mopingasa pa inzake n'kuigunda mbali zonse, amathana moto okhaokha, ndipo akachuluka amatha kutentha ngakhale kuphulika. Ine sindiikamo ngakhale imodzi yosakutidwa. Atsopano amakhala mu paketi yawo, ndimadula paketiyo ndi sizasi kuti ikwane, otha ndimawakulunga tepi mbali zonse.

Koma nkhani ya amenewa ndi yoposa shoti ya mu bokosi, ndipo apa ndikupempha makolo anzanga muwerenge modekha. Mwana akameza batire ya batani, makamaka zazikulu za 20mm zi, imatha kukakamira pa kholingo la chakudya. Malovu ndi minofu yonyowa ya pamenepo zimalumikiza pulasi ndi mainasi, magetsi amayamba kuyenda, ndipo amapanga mankhwala owotcha amtundu wa soda wa kositiki pompo pa mnofu. Si kuti batire yabooka ayi, ili yonse bwinobwino koma ikuwotcha, ndipo mu maola awiri okha imatha kuwononga kwambiri, mpaka kuboola kukafika ku njira ya mpweya kapena ku mtsempha waukulu wa magazi. Choopsa china nchoti mwana amatha kumapuma bwino, kumangotuluka dovu, kukana kudya, kutsokomola kaya kusanza, makolo n'kumati ndi chimfine. Ngakhale batire yomwe remoti yaikana kuti yatha imakhala ikadali ndi moto wokwana kuchita zimenezi. Mukangokayikira kuti wameza thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo, osamusanzitsa, osadikira kuti muone ngati ituluke yokha, ndipo kawauzeni a dokotala mawu enieniwo akuti batire kuti amuunike msanga. Akatswiri a za poizoni ku America amalangiza kuti ngati mwana wapitirira chaka chimodzi ndipo akutha kumeza, mutha kumupatsa uchi masupuni ang'ono awiri mphindi 10 zilizonse muli pa njira, umachedwetsa kupsako, koma si mankhwala ndipo musachedwe kunyamuka chifukwa chofunafuna uchi, komanso khanda losakwana chaka silipatsidwa uchi. Zomwezi zimachitika mwana akaiika m'mphuno kapena m'khutu.

Nkhaniyi ndi yaikulu moti ku America anakhazikitsa lamulo mu 2022, limatchedwa Reese's Law, lokakamiza kuti zipangizo zoyendera mabatire amenewa zikhale ndi potsekera povuta kuti mwana atsegule, ndipo ku Australia malamulo ofanana nawo anayamba kugwira ntchito chaka chomwecho. Kampani ya mabatire ya Duracell inayamba kupaka ena mwa mabatire ake a mabatani mankhwala owawa kwambiri kuti mwana akaika mkamwa alavule. Nde poganizira zonsezi, loko ya kabokosi kanga ndi yomvetsa chisoni. Ndi ka pulasitiki kongokanikiza ndi chala, ndipo chivundikiro choonekera chija chomwe kwa ine ndi chabwino chifukwa ndimaona zomwe zatsala osatsegula, kwa mwana ndi chiitano, mabatire amitundumitundu atandandalika bwino ngati zoseweretsa. Sabata yoyamba ndinakasiya pa tebulo kwa kanthawi ndikusintha mabatire a wotchi, potembenuka ndinapeza mwana watsegula kale ali ndi AAA m'manja. Mayi ake anangoti, "Bambo, kabokosi kanuka mwasonkhanitsira mwana zonse pamodzi," ndipo amanena zoona, kale mabatire anali omwazikana, pano ali malo amodzi, mwana akafikapo wafikira onse. Kumbuyo kwake kuli mabowo okolekera pa khoma koma ine sindinakoleke, ndinakaika pamwamba pa kabati pomwe ngakhale atakwera mpando safikapo.

China chomwe mulibe ndi malo a 18650, ndipo masiku ano nyumba zambiri zili nawo, mu matochi otchaja, ma fani ang'onoang'ono, mawailesi, ma power bank, ndudu za magetsi zija. Amaoneka ngati AA yonenepa, 18mm mulifupi ndi 65mm mulitali, ndi a lithium-ion, amalembedwa 3.6V kapena 3.7V ndipo akadzadza amafika 4.2V. Mu bowo la AA salowa, mu la C amagwedera komanso ndi aatali chivundikiro sichitseka. Amenewa ndi gulu lina, zomwe zinandichitikira ine ndi 9V ndi zazing'ono poyerekeza. Ya 9V imatentha n'kukuwotcha pomwe yakhudza, koma 18650 ikachita shoti kutentha kumatha kuyambitsa moto wa mkati womwe umadzikolezera wokha, batire imatulutsa mpweya woyaka ndi malawi mwamphamvu, kutentha kwake madigiri mazanamazana, ndipo anthu apsa ntchafu ndi manja koopsa mpaka kofunika kuwaika khungu lina chifukwa chonyamula yapadera m'thumba limodzi ndi makiyi. Kapangidwe kake ndi komwe ndanena kaja, thupi lonse mainasi, pulasi pamutu, pakati pake ka mphete kopyapyala ndi ka pulasitiki kokutira basi. Ka pulasitiki kakang'ambika ngakhale pang'ono pafupi ndi mutu, isiyeni kaye mpaka ikutidwenso. Ikatupa, ikaphwanyika m'mbali, ikayamba kununkha kapena kutentha yokha, yatha ntchito. Ikayamba kulira ngati ikutulutsa mpweya musaigwire ndi manja, talikirani, tulutsani ana, utsi wake si wopuma.

Moto wa lithium ndi womwe unapangitsa Samsung kuitanitsa ndi kusiya kupanga foni ya Galaxy Note 7 mu 2016, pamenepo shoti imachitika mkati mwa batire momwemo. Ndi chifukwa chakenso pa ndege mabatire a lithium apadera saloledwa mu chikwama chopita pansi, umayenera kukhala nawo mu cha m'manja, aliyense wotetezedwa payekha, kaya mu paketi yake, mu ka thumba kake kapena womatidwa tepi pa mitu. Ngati a ndege amaumirira chonchi pa ka batire kamodzi, ife kunyumba tilibe chifukwa chowaponyera mu dilowa. Nde ndinagula padera timakesi tating'ono ta pulasitiki tolowa awiriawiri, timatsekeka ndi ka phokoso, ndi tomwe ndimanyamulira ndikamachoka ndi tochi. Tinali ndi ka vuto kamodzi, 18650 zokhala ndi ka bolodi koteteza kumapeto zimakhala zazitaliko pang'ono nde zimalowa mothina kwambiri, yezani musanagule. Timakesi tomweti tiliponso ta AA ndi AAA tolowa anayi, ndipo kunena zoona kwa munthu amene vuto lake ndi kunyamula mabatire m'thumba kaya mu chikwama, timeneti ndi tofunika kuposa bokosi lalikululi, chifukwa bokosi limatsala kunyumba pomwe ine ndinapsera m'thumba.

Tibwerere ku kabokosi kakakulu kaja. Mahinji ake ndi ofooka, pa miyezi isanu imodzi yayamba kuyera pomwe imapindika, zomwe pa pulasitiki zimasonyeza kuti ikupita kothyoka. Kakadzadza kamalemera ndithu makamaka mukaika a D, ndipo chogwirira chake sindimachikhulupirira, ndimanyamula ndi manja awiri.

Pa zotayikira, kamathandiza mwanjira yomwe sindinaiganizire. Batire ya alkaline ikakhalitsa kapena ikatheratu imatulutsa madzi aja omwe akauma amachita zoyera ngati mchere. Ambiri timati ndi asidi koma si asidi, ndi potassium hydroxide, wa gulu la soda wowotcha, amapsereza khungu ndipo m'maso ndi woopsa kwambiri, akalowa tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali n'kupita ku chipatala. Imodzi inatayikira mu kabokosi mwezi wathawu, zoyerazo zinathera mu bowo lake lokha osafika kwa anzake, thireyi ndinaitulutsa n'kuitsuka nditavala magolovesi, n'kuiumitsa bwino ndisanabwezeremo. Shoti nayo imapangitsa kutayikira komweku chifukwa batire ikatentha mkati mumadzadza mpweya mpaka ka mphira kotsekera kamatseguka, chimodzimodzi mukasakaniza yakale ndi yatsopano mu chipangizo chimodzi, mukaika imodzi chozondoka, kapena mukayesa kutchaja ya alkaline yomwe si yotchaja.

Mabatire otha alibe malo mu kabokosi aka ndipo ndikuona kuti akanaika ka chigawo kake. Otha ndi omwe timawapeputsa, timawaunjika mu jumbo kapena kuwaponya mu bini momwe muli zitini ndi mapepala a siliva aja, chonsecho mawu oti yatha amangotanthauza kuti chipangizo chija chasiya kuilandira, moto umakhala ulipobe. Ine ndinapeza botolo la pulasitiki la kukamwa kwakukulu, iliyonse isanalowemo imayamba yamatidwa tepi, a 9V pa timitu, a lithium ndi a mabatani mbali zonse, ndipo pamoto sindiponyapo batire ya mtundu uliwonse chifukwa imaphulika. Ngati komwe muli kuli malo olandira mabatire otha, kasiyeni kumeneko.

Ndingowonjezera za batire yaikulu ya 12V, ya galimoto kaya ya sola, ngakhale ilibe chochita ndi kabokosi, chifukwa nkhani ndi yomweyi koma moto wake ndi ma amp mazana. Sipanala ikagona pa mitu yonse iwiri imafiira n'kumatirira, ndipo mphete ya pa chala kapena wotchi yachitsulo ikakhala pakati pa sipanala ndi chitsulo cha galimoto imatentha mu sekondi, chala n'kupsa kuzungulira pomwe mpheteyo sikuvulika. Vulani mphete musanagwire, ndipo pomasula yambani ndi waya wa mainasi.

Kodi ndingalimbikitse munthu kugula? Eya, ngati m'nyumba mwanu muli ma remoti, zidole, mawotchi ndi matochi ambiri moti mabatire a AA ndi AAA amakhala ali mbwee, kakuthandizani ndipo dilowa ija ipuma. Pa nyenyezi zisanu ndikapatsa zitatu ndi theka, ndachotsa chifukwa cha dzenje la mabatani, loko yosavuta kwa mwana, ndi kusowa kwa malo a 18650. Posankha yang'anani kopanda chitsulo mkati, ka mabowo othina, ndipo ngati mungapeze ka loko ziwiri zofuna manja awiri kapena ka zipi yolowa loko yaing'ono tengani kameneko. Gulaninso tepi yakuda ya magetsi tsiku lomwelo, ine mpukutu wanga umakhala mu dzenje la mabatani lija, pamodzi ndi ka sizasi ka pulasitiki ka ana kodulira tepiyo.